Ana athu ndi magulu awo ku sukulu ya sekondale

Anzathu ophunzira, abambo ndi amayi, ambiri mwa inu muli ndi ana kapena adzukulu ku sekondale. Mumagulitsa chimanga, nyemba ndi mbatata kuti mugule yunifomu, makope ndi nsapato. Ena mumalipira kanyumba pafupi ndi sukulu kuti mwana azigonamo. Koma chaka chisanathe, mwana wina amabwerera kumudzi n'kunena kuti, "Sindipitakonso." Mukamufunsa chifukwa chake, amangoyang'ana pansi.

Nthawi zina vuto limakhala ndalama. Nthawi zina limakhala mtunda. Koma pali vuto lina limene makolo saliona msanga: mwana wasowa anzake, kapena wapeza anzake omusokeretsa. Ife amene timakuphunzitsani kuwerenga ndi kulemba tinatuluka ku sekondale zaka zochepa zapitazo, ndipo moyo wa kumeneko timaudziwa. Tiyeni tiuphunzire pamodzi, kuti thukuta lanu lisapite pachabe.

1. Kagulu n'chiyani?

Mukaima pa bwalo la sukulu nthawi yopuma, mudzaona kuti ana sakhala mwachisawawa. Apa pali anyamata asanu pansi pa mtengo wa mango. Apo pali atsikana anayi akugawana chimanga chootcha. Mukabweranso mawa, mudzapeza ana omwewo pamalo omwewo. Kameneka ndiko kagulu: ana ochepa, kawirikawiri osakwana 10, amene amayendera limodzi, kudyera limodzi ndi kuuzana zinsinsi.

Palinso magulu aakulu amene amadziwika ndi dzina. Ana amati, "Awo ndi a mpira. Awo ndi a m'tauni. Awo ndi a kumudzi. Awo ndi anzeru a aphunzitsi." Mwana sasankha yekha dzina lotere. Anzake ndiwo amamupatsa, ndipo likamumata limavuta kuchotsa.

Zimenezi si za kuno kokha. M'chaka cha 1961, mphunzitsi wa ku America dzina lake James Coleman anafalitsa zimene anapeza m'sukulu 10 za sekondale za m'chigawo cha Illinois. Anapeza kuti anyamata odziwa masewera ankatchuka kuposa anyamata okhoza m'kalasi. Anapezanso kuti ana ankaganizira kwambiri zimene anzawo anganene za iwo. Choncho magulu a ku sukulu ali m'mayiko olemera ndi m'mayiko osauka omwe.

2. N'chifukwa chiyani ana amapanga magulu?

Akale anati, "Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu." Munthu aliyense amafuna anzake. Abambo ali ndi anzawo a pa bawo. Amayi ali ndi anzawo a kuchitsime ndi a kumpingo. Munda ukakula, timaitana dima. Ngakhale kale, anyamata akasinkhuka ankachoka m'nyumba ya makolo n'kukagona ku gowelo ndi anzawo. Kumeneko ankaphunzira kugawana, kukangana ndi kugwirizananso. Motero kufuna gulu si matenda. Ndi njira imene mwana amakulira.

Koma gowelo linali m'mudzi momwemo, pamaso pa agogo ndi amalume. Sekondale nthawi zambiri ili kutali. Lamulo la maphunziro la chaka cha 2018 linati mwana aliyense ayenera kuphunzira kuyambira kalasi ya 1 mpaka kalasi ya 9. Linatinso pulayimale izithera pa kalasi ya 6. Kuyambira chaka cha 2023, kalasi ya 7 inakhala chiyambi cha sekondale. M'madera ena sukulu za pafupi zinakulitsidwa kuti ziziphunzitsa mpaka kalasi ya 9. Kumene sizinatero, mwana wa zaka 12 kapena 13 amayenda mtunda wautali tsiku ndi tsiku, kapena amakakhala kwa achibale, kapena ku internato, ndiye kuti kumalo kogonera ana a sukulu. Amafika ku Ulónguè, ku Furancungo, ku Metangula kapena ku Milange ali mlendo. Sadziwa kotunga madzi. Sadziwa mphunzitsi waukali ndi wofatsa. Amene angayambe kumumwetulira, ameneyo ndiye amakhala mnzake.

Palinso chifukwa cha m'thupi. Madokotala amatiuza kuti ubongo wa munthu sukhwima wonse nthawi imodzi. Mbali ya kutsogolo, imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kuganizira za mawa, imapitiriza kukula mpaka zaka za m'ma 20. Koma mtima wofuna kuyamikiridwa ndi anzake umakula msanga. M'chaka cha 2005, Margo Gardner ndi Laurence Steinberg a ku America anapatsa anthu masewera oyendetsa galimoto pa kompyuta. Achinyamata akakhala okha ankayendetsa mosamala ndithu. Anzawo akamawaonerera, ankachita zoopsa zambiri. Anthu akuluakulu sankasintha kwambiri chotero. N'chifukwa chake mwana wofatsa pakhomo angathe kuchita zodabwitsa ali pakati pa anzake.

3. Zimene zimagawa ana

Choyamba ndi chinenero. Chinenero cha boma ndi Chipwitikizi, ndipo ku sekondale maphunziro amachitika m'Chipwitikizi. Koma kalembera wa chaka cha 2017 anasonyeza kuti anthu amene Chipwitikizi ndi chinenero chawo chobadwa nacho sakwana 20 pa anthu 100 alionse. Mwana wa namwino kapena wa mlembi wa ku boma amamva Chipwitikizi pakhomo kuyambira ali wamng'ono. Mwana wa mlimi amachimva m'kalasi mokha. Akalakwitsa liwu limodzi, anzake amaseka. Mawa lake satukulanso mkono. Amakakhala kumbuyo ndi ena osalankhula. Apa magulu awiri abadwa.

Palinso zinenero zathu. Ku Tete ndi ku Moatize wolankhula Chinyanja amakumana ndi olankhula Chinyungwe ndi Chisena. Ku Niassa amakumana ndi olankhula Chiyao ndi Chimakhuwa. Ku Milange amakumana ndi olankhula Chilomwe. Ana a chinenero chimodzi amakonda kuyendera limodzi. Zimenezo sizoipa. Kuipa kumayamba pamene gulu lina likunyoza chinenero cha lina.

Tiuze ana athu kuti chinenero chawo si chamanyazi. Lamulo lalikulu la dziko lathu limati zinenero za dziko lino ndi chuma cha chikhalidwe ndi cha maphunziro. Pamene boma linayesa kuphunzitsa ana a pulayimale m'zinenero ziwiri, kuyambira 1993 mpaka 1997, linasankha Chichangana ku Gaza ndi Chinyanja ku Tete. Kuyambira 2003 maphunziro otere anafika m'zigawo zambiri. Mwana wolankhula Chinyanja ndi Chipwitikizi ali ndi makasu awiri.

Chachiwiri ndi chuma. Yunifomu ndi imodzi, koma nsapato sizifanana. Wina amabwera ndi foni, wina alibe ndi sopo yemwe. Wina amagula mandasi nthawi yopuma, wina amabisala kuseri kwa kalasi kuti asaoneke kuti alibe chodya. Masiku ano magulu amapitirira ndi pa foni. Ana amatsegula gulu pa WhatsApp, n'kusiya mnzawo kunja, kapena kutumizirana chithunzi chake kuti amuseke.

Chachitatu ndi msinkhu. M'midzi ana ambiri amayamba sukulu mochedwa kapena amabwereza kalasi. M'kalasi imodzi mungapezeke mwana wa zaka 12 ndi mnyamata wa zaka 17. Wamkuluyo amachita manyazi kukhala ndi ana. Wamng'onoyo amafuna kuoneka wamkulu, ndipo amatengera za akuluwo.

Chachinayi ndi chipembedzo ndi miyambo. Ana a mpingo umodzi amafunana. Ovinidwa amapatula osavinidwa. Ana a Akhristu ndi ana a Asilamu nthawi zina amadya paokha. Apa mawu amene ana amanyozerana ku sukulu kawirikawiri amakhala mawu amene anawamva kwa akulu pakhomo.

4. Mphamvu ya gulu

Gulu lili ndi mphamvu yoposa imene timaganiza. M'chaka cha 1951, Solomon Asch wa ku America anachita kafukufuku wosavuta. Anasonkhanitsa anyamata ochepa m'chipinda. Anawaonetsa pepala lokhala ndi mzere umodzi, ndi pepala lina lokhala ndi mizere itatu yosiyana kutalika. Funso linali lakuti, "Ndi mzere uti umene uli wofanana ndi woyamba uja?" Yankho linali loonekeratu.

Koma panali chinsinsi. Onse m'chipindamo, kupatula mmodzi, anali atapangana kale kuti apereke yankho lolakwa. Mmodzi uja ankayankha chakumapeto, atamva anzake onse. Kodi anachita chiyani? Anthu pafupifupi 3 pa 4 alionse anatsatira gulu pa yankho lolakwa kamodzi kapena kuposerapo. Maso awo ankaona zoona, koma ankaopa kukhala osiyana ndi anzawo.

Asch anayesanso njira ina. Anaikamo munthu mmodzi woti azinena zoona. Pamenepo otsatira bodza anachepa kwambiri. Phunziro lake ndi ili: mwana safunika anzake 20 kuti alimbe mtima. Mnzake mmodzi woona amakwanira.

5. Gulu labwino ndi gulu loipa

Si gulu lililonse limene limawononga. Ambiri mwa ife tinamaliza sukulu chifukwa cha anzathu. Wina akadwala, anzake ankamulembera zimene aphunzitsi aphunzitsa. Ufa ukatha kwa wina, ankadya kwa mnzake. Buku likakhala limodzi, linkayenda m'manja mwa anthu asanu.

Gulu labwino limadziwika chonchi:

Mwana angathe kukana zimene ena akufuna, ndipo amakhalabe mnzawo.
Angathe kucheza ndi ana ena a kunja kwa gululo popanda kudzudzulidwa.
Anzake amakondwera iye akakhoza mayeso.
Sachita manyazi kubwera nawo kunyumba kwa makolo ake.

Gulu loipa limadziwika chonchi:

Pali mmodzi wolamula, ndipo ena onse amamuopa.
Kuti ulowemo uyenera kulipira kanthu: kugula mowa, kusuta chamba, kuba, kapena kumenya mwana wina.
Chimene chimawagwirizanitsa ndi kunyoza ena.
Amauza mwana kuti asaulule kanthu kwa makolo ndi kwa aphunzitsi.
Amaseka wolimbikira sukulu.

Kwa anyamata, gulu loipa limakokera ku mowa, ku juga ndi ku ndalama za msanga. Mnzawo amene anasiya sukulu n'kupita kukakumba golide amabwera ndi foni yatsopano, ndipo onse amasirira. Saona anzake amene anabwerako opanda kanthu, kapena amene dothi linawagwera m'dzenje.

Kwa atsikana, gulu loipa limakokera kwa amuna a ndalama. Anzake amati, "Ife tonse tili naye wotigulira mafuta ndi sopo. Iwe ukudikira chiyani?" Mapeto ake ndi mimba, matenda ndi kusiya sukulu. Tidziwe kuti lamulo la chaka cha 2019 limaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo limalanga wokwatira mwana ndi wokwatitsa mwana yemwe. Tidziwenso kuti lamulo la chaka cha 2003, limene linkatumiza mtsikana woyembekezera ku maphunziro a usiku, linathetsedwa mu 2018. Mtsikana wotere ali ndi ufulu wophunzira masana pamodzi ndi anzake. Panthawi yotere m'pamene amafunika gulu labwino koposa.

6. Mwana wopanda gulu

Pali mwana wina amene sachita phokoso, ndipo n'chifukwa chake timamuiwala. Ameneyu ndi wosalidwa. Sanamenyedwe. Alibe bala loti n'kuonetsa. Koma akafika pamene anzake akucheza, onse amakhala chete. Posankhana pa mpira, iye amatsala. Pa ntchito ya m'magulu, palibe womuitana. Kawirikawiri amakhala mwana wamasiye, wolumala, wachibwibwi, wachialubino, kapena mlendo wochokera kudera lina.

Tisanene kuti, "N'zachibwana, zidzatha zokha." Kusalidwa kumapweteka ndithu. Taganizani za munthu wamkulu amene anthu a m'mudzi asiya kumuitana ku dima, ndipo sapita pa maliro a kwawo. Kodi angakhale m'mudzimo zaka zingati? Mwana wosalidwa amamva chimodzimodzi tsiku lililonse.

Zizindikiro zake ndi izi. Amadwala mutu kapena m'mimba m'mawa wa tsiku la sukulu, koma Loweruka ali bwino. Satchula dzina la mnzake aliyense. Makope ndi zolembera zimasowa kawirikawiri. Zotsatira za mayeso zimatsika. Sadya bwino, sagona bwino. Mwana wotere ali pangozi ziwiri: kusiya sukulu, kapena kulowa gulu lililonse limene lingamulandire, ngakhale loipitsitsa. Wanjala sasankha ndiwo.

7. Kodi magulu odana angagwirizane?

Angathe. Tamvani zimene zinachitika ku Oklahoma, ku America, m'chaka cha 1954. Muzafer Sherif ndi anzake anatenga anyamata 22 a zaka pafupifupi 11 n'kupita nawo kumalo a m'nkhalango otchedwa Robbers Cave. Anyamatawo sankadziwana kale. Anawagawa m'magulu awiri. Gulu lililonse linadzipatsa dzina ndi mbendera. Kenaka akuluwo anakonza mipikisano ya mpira ndi ya kukokana chingwe, ndipo mphoto zinali za gulu lopambana lokha.

Pasanapite masiku ambiri, chidani chinabuka. Anyamata anayamba kutukwanana. Gulu lina linatentha mbendera ya linzake. Anathyolerana m'nyumba zogona n'kutengerana katundu.

Akuluwo anayesa kuwagwirizanitsa powaika m'chipinda chimodzi kuti adyere limodzi. Sizinathandize. Anyamata anagendana ndi chakudya. Ndiye anakonza mavuto ogwera onse. Anatseka madzi mwachinsinsi, ndipo magulu onse awiri anayenera kufufuza chimene chawonongeka ndi kuchikonza. Tsiku lina galimoto yokatenga chakudya inakana kulira, ndipo onse anagwira chingwe chimodzi n'kuikoka. Pang'ono ndi pang'ono chidani chinazirala. Pobwerera kwawo, anyamatawo anapempha kukwera basi imodzi.

M'chaka cha 2018, mlembi wa ku Australia dzina lake Gina Perry anaonetsa mbali ina ya nkhaniyi. Atawerenga mapepala akale a kafukufukuyu, anapeza kuti akuluwo ankasonkhezera okha chidanicho. Anapezanso kuti chaka cha 1953 anayesa zomwezo ndi anyamata ena, koma zinakanika, chifukwa anyamatawo anazindikira kuti akulu akuwayambanitsa, ndipo anakana kudana. Choncho nkhaniyi ikutiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, ntchito imene palibe gulu lingaithe palokha imagwirizanitsa anthu kuposa kungowaika pamodzi. Chachiwiri, chidani cha ana nthawi zambiri chimakolezedwa ndi akulu.

Phunziro loyambalo linagwiritsidwa ntchito m'kalasi. M'chaka cha 1971, mumzinda wa Austin ku Texas, ana oyera, ana akuda ndi ana a mabanja ochokera ku Mexico anali atangoyamba kuphunzira m'sukulu zimodzi, ndipo ndewu zinali zambiri. Elliot Aronson anagawa ana m'magulu osakaniza a ana 5 kapena 6. Anadula phunziro m'zidutswa, n'kupatsa mwana aliyense chidutswa chimodzi. Kuti akhoze mayeso, aliyense anayenera kumvetsera mnzake. Mwana amene ankasekedwa chifukwa cha kalankhulidwe kake tsopano anali ndi chidutswa chimene onse ankachifuna. Kunyozana kunachepa, ndipo ana anayamba kukondana ndi kukonda sukulu. Njira imeneyi sifuna ndalama. Makolo athu ankaidziwa kale pamene ankati, "Mutu umodzi susenza denga."

8. Mwana angapeze bwanji gulu lomuyenera?

Awa ndi mawu amene mungauze ana anu akabwera ku tchuthi.

Usathamange. Gulu loyamba kukuitana si ndilo labwino nthawi zonse. Yamba waona mmene amalankhulira za anzawo amene palibe. Mmene amanenera ena lero, ndi mmene adzakunenere iwe mawa.

Yamba ndi munthu mmodzi. Funa amene mumakhala naye pa desiki, kapena amene mumayenda naye njira imodzi. Mubwereke cholembera. Mufunse za masamu. Ubwenzi umayamba ndi tinthu tating'ono.

Pita kumene kuli ntchito. Kuli timu ya mpira, kwaya, gulu la magule, gulu la zisudzo, dimba la sukulu, gulu lowerengera limodzi. Pamalo otere anthu amadziwana chifukwa cha zimene akuchita, osati chifukwa cha nsapato zimene avala. Wamanyazi naye amapeza chonena pamene manja akugwira ntchito.

Usadzisinthe kuti ulandiridwe. Ngati uyenera kubisa mudzi wa kwanu, kukana chinenero cha amayi ako, kapena kunama za ntchito ya abambo ako, gulu limenelo si lako.

Usaike mazira onse... ayi, tinene mwa kwathu: usalime munda umodzi wokha. Khala ndi anzako a m'kalasi, a kumpingo kapena kumzikiti, ndi a kumudzi. Kwina kukauma, kwina udzakolola.

Ukapeza gulu, usatseke chitseko. Kumbukira tsiku limene unali mlendo. Ukaona mwana akudya yekha, muitane. Ukaona wina akusekedwa, usaseke nawo. Wovutitsa anzake amafuna omuonerera. Oonerera akachoka, mphamvu zake zimatha.

Magulu amasintha. Amene ali otchuka m'kalasi ya 8 sakhala otchuka mpaka kalekale. Kusowa anzako chaka chino sikutanthauza kuti udzawasowa moyo wonse.

9. Ntchito ya makolo

Ena mwa inu mumati, "Ife sitinaphunzire, za ku sekondale sitingazithe." Ayi, anzathu. Masamu a kalasi ya 9 mwina simuwadziwa, koma khalidwe la anthu mumalidziwa kuposa ife. Mwakhala mukuweruza milandu, kulera ana ndi kusunga mudzi zaka zambiri. Nazi zimene mungachite.

Dziwani mayina a anzake a mwana wanu. Mufunseni kuti, "Kodi umadya ndi yani? Umayenda ndi yani pobwera?" Mufunseni mofatsa, muli kumunda kapena mukutongola chimanga, osati ngati wapolisi.

Itanani anzakewo pakhomo. Mbale imodzi ya nsima idzakuuzani zambiri za iwo. Ngati n'kotheka, dziwananinso ndi makolo awo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Musafulumire kukwapula. Mwana akaulula vuto n'kulandira ndodo, ulendo wina sadzaulula. Ndiponso kungolamula kuti, "Usayendenso ndi uja," kawirikawiri sikuthandiza ngati mwanayo alibe kwina kopita. Muthandizeni kupeza anzake ena. Pamene makolo sangathe kulankhula, agogo, amalume kapena azakhali alankhule.

Pitani ku sukulu. Kalasi iliyonse ili ndi mphunzitsi woiyang'anira. Ameneyo ndiye woyamba kumuona. Musamufunse za mayeso okha. Mufunseninso kuti, "Kodi mwana wanga ali ndi anzake?" Sukulu ilinso ndi bungwe lotchedwa Conselho de Escola, mmene muli oimira makolo, aphunzitsi, ophunzira ndi anthu a m'mudzi. Nkhani za kuzunzana ndi kusalana zikhoza kukambidwa kumeneko. Pemphani kuti aphunzitsi azisakaniza ana pa ntchito za m'magulu, ndipo kuti ana atsopano azilandiridwa bwino pa chiyambi cha chaka.

Ngati mwana wanu akukhala kutali, musangotumiza ufa. Pitani mukaone kumene amagona ndi amene amagona nawo. Pezani munthu wamkulu wodalirika pafupi woti azimuyang'anira. Tsopano mukuphunzira kulemba: mulembereni kalata kapena uthenga wa pa foni. Mizere itatu yolembedwa ndi dzanja la mayi ake imalimbitsa mwana kuposa mmene mungaganizire.

Ngati mwana akumenyedwa, akuopsezedwa, akukakamizidwa za chiwerewere, kapena akulankhula zodzipha, musadikire. Uzani mkulu wa sukulu, a chipatala kapena apolisi. Palinso nambala ya foni yaulere yothandiza ana, 116, yotchedwa Linha Fala Criança.

Ngati mwana wanu ndiye amene akuvutitsa ena, musamuikire kumbuyo. Tsamba likagwa manyazi agwira mtengo. Khalani naye pansi, akapepese, ndipo mumupatse udindo wabwino. Mwana amene anzake amamumvera angathe kutsogolera zabwino monga mmene ankatsogolera zoipa.

Pomaliza, tisamale pakamwa pathu. Tikamanyoza a mtundu wina, a mpingo wina kapena a mudzi wina ana akumva, iwo amanyamula mawuwo pamodzi ndi makope awo. Pa phunziro lathu lino timakhala pamodzi achikulire ndi achinyamata, amayi ndi abambo, a zipembedzo zosiyana. Wina akalephera kulemba chilembo, sitimuseka. Timamugwira dzanja. Ana athu aone zimenezi, ndipo akachite zomwezo ku sukulu kwawo.

Mafunso okambirana

1. Kodi gowelo la kale likufanana bwanji ndi magulu a ku sekondale? Nanga likusiyana bwanji?
2. Tchulani zinthu zinayi zimene zimagawa ana ku sukulu. Ndi chiti chimene chili chachikulu m'dera lathu?
3. N'chifukwa chiyani anthu anatsatira yankho lolakwa pa nkhani ya mizere ija? Kodi zotere zimachitikanso pa misonkhano ya m'mudzi?
4. N'chiyani chinagwirizanitsa anyamata 22 aja? Ndi ntchito iti imene ingagwirizanitse ana a pa sukulu yathu?
5. Kodi m'mudzi mwathu muli mwana amene anasiya sukulu chaka chino? Tingachite chiyani kuti abwerere?

Tiyeni tilembe

Lembani m'kope mwanu mayina atatu a anzake a mwana wanu. Ngati simuwadziwa, kamufunseni lero, ndipo mudzalembe mawa.

Koperani ziganizo izi:

Mwana aliyense amafuna anzake.
Mnzako woona sakuletsa sukulu.
Tithetse kusalana m'sukulu zathu.
Makolo, aphunzitsi ndi ana, tigwire chingwe chimodzi.